Madzi a Domasi Alibe Pasipoti

Chaka chimenecho Che Alaudin sanapemphe zambiri kwa Mulungu. Sanapemphe mpunga wodzaza nyumba, sanapemphe kuti bondo lawo lija lisiye kuwawa. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kuti madzi a mumtsinje wa Domasi, ngakhale a m'botolo, akathiridwe pamanda a mwana wawo Sakina, amene anagona kutali ku Saudi, dziko lopanda mtsinje.

Mukafunsa za Che Alaudin kuchigwa kuno, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Nenani kuti Che Mapu, ndiye ngakhale mwana wamamina akulozerani nyumba. Dzinali silinabwere ndi sukulu ayi. Sukulu anaisiyira panjira bambo awo atamwalira, n'kuyamba kuthandiza mayi awo kugulitsa zitumbuwa pamsewu pa Naisi. Mayiwo ankakulunga zitumbuwazo m'mapepala a chibuku chakale cha jogalafe chimene anachitola kaya kuti. Ndiye mnyamatayo, m'malo moitanira malonda, maso ankangokhala papepala, kuwerenga lisanapite. Wogula akakhala wachangu, dziko lathunthu linkapita ndi mafuta iye atangowerenga theka. N'chifukwa chake mpaka imvi kumutu ankadziwa bwino kumpoto kwa India, koma mukawafunsa za kum'mwera kwake ankati, "Kumeneko anagula a kondakitala."

Zotsalazo anazitolera pa wailesi. Atakwatira mayi Abida anatsikira kuchigwa kukakhala chikamwini, kulima mpunga, ndipo alimi anzawo anawasankha kuti azigawa madzi m'ngalande. Ntchito yake ndi yoputa adani imeneyo. Ukatsegulira uyu, uyo akuti wamukondera. Ukatsekera uyo, akuti wadya zake. Koma Che Mapu anali ndi mankhwala awo. Amuna awiri akatukulirana makasu, iwo ankangoima pakati n'kunena kuti, "Inu mukulimbirana timadzi ta m'akakolo iti. Mukudziwa kuti kuli nyanja ina imene munthu sumira ngakhale utafuna? Mchere wake ndi wochuluka moti umangoyandama ngati chipanda."

"Bodza!"

"Bodza la chiyani? Anthu amawerenga nyuzi atagona pamadzi."

Basi ndewu yathera pomwepo, anthu ayamba kutsutsana za nyuzi, madzi akuyenda.

Sankatopa, abale. Ankatiuza za dziko la Lesotho limene lili m'mimba mwa dziko linzake ngati nthangala m'dzungu. Ankatiuza za Russia, kumene wina akumwa tiyi wam'mawa pamene m'bale wake, m'dziko lomwelo, akuyala mphasa. Mwezi wa Ramadani wina, anthu milomo ili gwaa ndi ludzu pakhonde la mzikiti, anafunsa a shehe kuti, "Kumpoto kwenikweni kwa dziko dzuwa limakana kulowa miyezi yathunthu. Nanga Asilamu akumeneko amamasula nthawi yanji?" A shehe anaseka n'kuti, "Ambiri amatsata nthawi ya ku Maka. Inu tsatani ya ku Domasi, musatiwonjezere njala." Mayi Abida okha ndi amene sankaseka nawo. Iwo mawu awo anali amodzi: "Mapu sadyedwa, bambo a Sakina. Kakonzeni denga."

Panali ntchito inanso imene ankaigwira osaseka. Kuno tikakwirira munthu, timathira madzi pamtumbira kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Wotunga madziwo anali Che Alaudin, ndipo sankalola a mumtsuko kapena a pamjigo. Ankapita okha kumtsinje ndi ketulo m'mawa wa tsiku la maliro. A shehe anawauzapo kuti buku silinena zimenezo, madzi ndi madzi bola akhale oyera, koma iwo ankangopukusa mutu. "Wamoyo mungamupatse madzi ogona, mawa amwa ena. Uyu ndi omaliza."

Ana awo ena anapita ali makanda. Anatsala Sakina yekha, ndipo nkhani za bambo ake ankazimwa ngati thobwa. Amake akamachapa padooko, iye ankakhala pamwala miyendo ili m'madzi, bambo ake akunola khasu pambali. Ndi pamenepo anamuuza kuti mtsinje wa Domasi suona nyanja yaikulu. Umachokera kuphiri, umathirira mpunga, n'kukathera ku Chilwa, ndipo Chilwayo alibe potulukira. "Madzi a Shire amapita mpaka ku Mozambique, mpaka kunyanja ya mchere. Athuwa ayi. Madzi a Domasi alibe pasipoti, amafera kwawo konkuno." Ndi pamwala womwewo anamuuzanso za Saudi, chidziko chachikulu choti Malawi angalowemo kambirimbiri, koma chopanda mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse.

Sakina anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwera m'madzi. "Ababa, nanga amachapa kuti? Nanga miseche amaichitira kuti?"

Anakula, anamaliza Folomu 4, ntchito osaoneka. Kenako kunabwera namondwe uja amene anakwirira mpunga ndi mchenga n'kusasula denga losakonzedwa lija. Chaka chomwecho kunamveka za anthu ofuna atsikana okagwira ntchito za m'nyumba ku Saudi. Mayi Abida anakana kwamtuwagalu. Mwana mmodzi sayenda, anatero. Che Alaudin anayankhula za denga, za njala, za mwayi umene subwera kawiri, ndipo zonsezo zinali zoona. Koma pansi pa mtima panali china. Iwo dziko analiwerenga pamapepala amafuta, osadutsapo Limbe. Ankafuna mwana wawo akawaonere. "Msiyeni apite," anatero. "Akaone, adzatiuze."

Anapitadi, ndipo ankawauzadi. Anawatumizira foni, ndipo Lachisanu lililonse munkalowa mawu ake. Che Mapu ankayenda nayo m'ngalande monse, kumvetsera aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Ababa, simunaname. Kuno kulibedi mtsinje. Kuli milatho, koma pansi pake mchenga wokhawokha. Madzi akuti amachokera m'nyanja, amawachotsa mchere ndi makina. Ukamwa, mimba imadzaza koma ludzu silimva."

Tsiku lina anati, "Tsiku lobwera musandidikire pakhomo. Ndidzayambira padooko, ndidzaviike kaye miyendo. Amayi adzandipeze komweko."

Popeza kumeneko dzuwa limatsogola, madzulo aliwonse bambo ake ankayang'ana kuphiri n'kulengeza kwa nkhuku ndi kwa akazi awo kuti, "Kwa Sakina lalowa kale." Kunyada kwake, inu!

Chakudza sichiimba ng'oma. Foni inalira nyengo yowokera mpunga, iwo ali m'matope. Woimbayo anali Yunusu, mnyamata wa cha ku Malosa amene ankayendetsa galimoto yogawa madzi m'tauni yomwe munali Sakina. Anati mchemwali anadwala chifuwa, anabisa kuopa kudandaulitsa makolo, ndipo pofika kuchipatala zinali zitapita patali. Watisiya m'mawa uno. Tsopano kukufunika mawu a bambo: thupi lidikire mapepala mufiriji, mwina mwezi mwina kuposa, kapena aikidwe konkuno monga Chisilamu chinenera?

Che Alaudin anakhala pansi m'matope momwemo. Mayi Abida anali kunazale, kungoti kuitana akanamva. Koma iwo anaganiza za mwana wawo ali m'chisanu chija yekhayekha, iye amene ankadana ndi mphepo ya mwezi wa Juni, ndipo pakamwa panatuluka mawu asanaganize za wina aliyense. "Muikeni. Musamuchedwetse."

Maliro opanda mtembo ndi owawa kawiri. Anthu anasonkhana, analira, anaphika, koma panalibe chonyamula, panalibe kolowera. Opepesa ankanena mawu amodzimodzi: musalire kwambiri, wagona m'dziko loyera, dziko la Mtumiki, ambiri amalilakalaka. Che Alaudin ankavomera ndi mutu. Anthu atabalalika anaimbira Yunusu n'kufunsa funso limodzi.

"Munathira madzi?"

"Tinathira, bambo."

"Ochokera kuti?"

"A m'thanki, bambo. Kuno ndi omwewo."

Anazimitsa foni n'kulira monga sanalirire tsiku la uthenga. Theka la manda a m'mudzi muno anawathirira ndi dzanja lawo madzi a m'mawa, ngakhale anthu amene anawatukwanapo pangalande. Mwana wawo yekha, amene anapempha kuviika miyendo, anapatsidwa madzi osamva ludzu.

Mayi Abida anadikira mpaka abale onse atachoka. Sanakuwe. Anati, "Munamutumiza ndi nkhani zanu. Mwamukwiriranso ndi foni, ine ndili apa pomwepa. Anzanga ali ndi manda osesa. Ine mwandisiyira chiyani choti ndizisesa?" Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba muja munalowa bata loipa. Chakudya ankaika, madzi osamba ankapereka, koma mawu anali a mchere ndi palafini basi. Nawonso Che Mapu anatseka pakamwa. Anthu pangalande ankawaputa dala, "Tatiuzani, kodi nyanja ija yoyandama ili kuti?" Iwo ankati, "Ndaiwala," n'kupitiriza kukumba. Ndewu za madzi zinayambiranso.

Patapita chaka Yunusu anabwera ku tchuthi, ndipo anafika kudzapepesa. Anafotokoza kuti manda akumeneko salembedwa maina, amangoika miyala, koma iye malowo anawasunga m'mutu, ali chakukhoma. Pomuperekeza, Che Alaudin anamugwira dzanja. "Tsiku lobwerera ndidzakupeza kubwalo la ndege. Ndili ndi kakatundu ka mchemwali wako."

"Bwanji osandipatsa lero, bambo, ndiike m'sutikesi? Masiku omaliza ndikakhala ku Blantyre."

"Sikanapse."

Yunusu ndi mwana woleredwa bwino, sanafunse kawiri. Akanafunsa, abale! Akanangofunsa!

Tsikulo litakwana, atangoswali swala ya m'bandakucha, Che Alaudin anatsikira padooko. Anatsuka botolo la Sobo mpaka fungo lonse litatha, n'kutunga pamunsi pa mwala uja. Anasankha botolo lalikulu dala, kuti madzi akakwane kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Zoti ndege ikafika mawa lake anaziganizira, n'kudziyankha okha kuti madzi ali paulendo sagona. Analikulunga m'chitenje chakale cha Sakina chimene anachitenga m'dengu la akazi awo osapempha, anavala mkanjo wa pa Idi, ulendo.

Pa minibasi kondakitala anafuna kuliika pansi pa mpando pamodzi ndi nkhuku za eni. Anakana, n'kuliika pamiyendo, manja onse awiri ali pomwepo. Ku Zomba minibasi inachedwa kudzaza. Itadutsa Namadzi tayala linaphulika, ndipo la sipeya linali lakuphwa. Ku Limbe anasochera, munthu wodziwa kumene kuli Lesotho, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anawagwira mkono kuwaolotsa msewu. Pofika ku Chileka dzuwa linali pamutu, mkanjo uli nyowe ndi thukuta.

Yunusu anali pakhomo, akupondaponda, maso kumsewu. Sutikesi anali atapereka kale, itapita mkati. Atamasula chitenje n'kuona botolo, nkhope yake inagwa.

"Bambo, ndi madzi?"

"A padooko. A lero lomwe. Ukathire kuyambira kumutu."

Mnyamatayo analandira ndi manja awiri n'kulowa nalo. Che Alaudin anatsamira khoma, bondo likuwawa, mtima uli mbee kwa nthawi yoyamba chichokereni Sakina. Ankaona kale madzi aja akudutsa pamwamba pa Tanzania, pamwamba pa Kenya, akuoloka Nyanja Yofiira.

Sipanatenge nthawi, Yunusu anatulukanso, botolo lili m'manja, pambuyo pake pali mayi wa yunifolomu. Mayiyo anapereka moni mwaulemu, n'kufotokoza pang'onopang'ono kuti madzi ochuluka chonchi salowa m'ndege pamanja. Akanakhala m'sutikesi, bwenzi atapita. Kakanakhala kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a chifuwa, kakanadutsa.

"Mayi, si akumwa awa. Ndi a pamanda. Mwana wanga."

Mayiyo anayang'ana pansi. "Pepani, bambo anga. Ndikawalola pano, akawataya kutsogoloko, m'dziko la eni, m'bini. Lamuloli si lathu lokha. Ndi la dziko lonse."

"Dziko lonse?"

"Dziko lonse, bambo."

Zaka zonsezi Che Alaudin akutolera zodabwitsa za dziko lapansi, za dzuwa losalowa ndi nyanja yosamiza, koma ichi chokha, chimene amachidziwa ngakhale wosesa pabwalopo, sichinalembedwe papepala la chitumbuwa. Anayamba kufunsa anthu ngati alipo amene ali ndi kabotolo. Wina anapisa m'chikwama, wina anangodutsa. Mayi uja anathamangira mkati kukayang'ana. Asanabwere, dzina la Yunusu linamveka pa chimkuzamawu, kuitana komaliza.

"Bambo, ndikadzabweranso tidzakonza bwino. Tidzaika m'sutikesi."

"Ukadzandipeza," anatero Che Alaudin. "Thamanga, ingakusiye."

Anaiona ndegeyo ikunyamuka. Inali nthawi yawo yoyamba kuona ndege pafupi, ndipo sanaione bwino chifukwa cha misozi.

Anakweranso minibasi, botolo lili pamiyendo. Atatsika pa Domasi anaima pamlatho, n'kuganiza zongowabwezera madziwo kwawo, akafere ku Chilwa ndi anzawo monga ankanenera iwo eni. Dzanja linafika pachivindikiro koma linakana kupotokola. Anayenda nalo mpaka kunyumba, akutsimphina, dzuwa likupendekera kuphiri.

Mayi Abida anali pakhonde akupeta mpunga. Chitenje anali atachisowa kale m'dengu, ndipo amene anawaona amuna awo padooko m'mawa anali atawauza. Anayang'ana mkanjo wafumbi, anayang'ana botolo lodzaza, lichero lili m'manja.

"Akana," anatero Che Alaudin. "Akuti madzi sakwera ndege." Anakhala pansi pafumbi, osati pampando. "Munanena zoona, amake Sakina. Ndinamutumiza ndine. Ndinkafuna akandionere dziko. Ndipo ndalephera ngakhale kumumwetsa. Nditukwaneni, mwina mtima ungapepuke."

Mayi Abida sanatukwane. Anaika lichero pansi, anakutumula madeya pachitenje, n'kuimirira.

"Dzukani. Madziwo asagone."

Anatsogola kuseri kwa nyumba, kudutsa pabafa, mpaka pamtengo wa mandimu umene Che Alaudin ankatsamiritsapo njinga tsiku ndi tsiku. Pamenepo anagwada n'kusalaza dothi ndi chikhatho, chakum'mawa kwa tsinde.

"Mchombo wake utagwa tinaukwirira apa, ine ndi malemu amayi anga. Amuna sitiwauza. Koma mwana wanu alipo pano, ngakhale pang'ono." Anatembenukira amuna awo. "Pamapu anu aja palipo pamenepa?"

"Palibe," anatero Che Alaudin.

Anagwada movutika, bondo likulira. Anatsegula botolo, n'kuima nalo m'mwamba ngati mwana wosadziwa ntchito, munthu amene anathirira manda osawerengeka. "Kumutu ndi kuti?" anafunsa.

"Ingothirani, bambo a Sakina. Anali kakang'ono."

Botolo linapendekeka moti madzi akanatayikira pambali. Mayi Abida anagwirira botolo kumunsi, ndipo anathira awiri, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza. Dothi linali louma, linamwa onse osasiyako. Anakhala pomwepo ali chogwada, akulira mosabisana, kufikira kuitana kwa swala kutamveka kumzikiti.

Mayi Abida ndi amene anayamba kudzuka. Anatola masamba ouma a mandimu amene anagwera pamalo ponyowapo, n'kuwaponya kumbali.

"Njinga yanu muzikaimika kwina," anatero. "Mawa ndisesapo."